MIPANDO YA NDUNA: ANAKHALAPO NDANI, NDIPO ANACOKAPO BWANJI

Awa ndi mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa nthambi za cipani cathu ca U.N.I.P. pa Katete, pamene panasonkhana anchito a m'makomboni pamodzi ndi anzao ocokera ku Sinda ndi ku Vubwi. Tawasindikiza monga anaturukira pakamwa, kuti amene anatsala pa nchito tsikulo adziwerengere okha.

Kwaca! Kwaca, abale!

A Ceyamani, amai ndi abambo, ndi inu nonse amene mwafika muno fumbi la nchito likali ku mapazi, tikupatsani moni. Taona anchito a ku cipatala ca St Francis, a ku makina a thonje, osenza matumba pa madepoti a cimanga, aphunzitsi, amai a pa msika, ndi anyamata a njinga amene amapalasa ndi anthu pa Katete Stores kufikira mdima. A ku Sinda mwabwera bwino. A ku Vubwi, inu amene mumadzuka Malawi ali kutsogolo ndi Mozambique ali kumbali, ulendo wanu ndiwo wautali koposa, ndipo sitidzakucedwetsani.

Nkhani ya lero ndi ya nduna za Boma. Mudziwa nokha cimene cimacitika m'komboni wailesi ikalengeza kuti mipando yasinthidwa ku Lusaka. Munthu asanamve n'komwe kuti nduna yatsopano yapatsidwa nchito yanji, wayamba kale kufunsa mnzace pa mpanda: "Kodi wathu alipo? A kum'mawa alowa angati?" Ifenso a cipani cino funso limeneli tinalifunsa, tinalifunsanso mokweza, ndipo cimene linatibalira tifuna kukuuzani lero mosabisa. Amuna a m'Kabineti yathu yoyamba onse anapita. A Kamanga anatisiya mu 1996, a Grey Zulu mu 2020, a Kaunda pa 17 June 2021, ndipo a Sikota Wina anatseka mzere mu 2022. Akufa sanyengedwa ndi matamando, cotero tinene coona.

Poyamba timvane pa liu lakuti nduna. Liu limeneli sitinalibwereke kwa Azungu ai. Pano pa Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, nduna ziripo kuyambira kale, ndipo mwana wa Mcewa ali yense adziwa kuti nduna si mesenjala. Mesenjala amatumidwa nathamanga. Nduna imakhala pansi ndi mfumu, imamva mlandu, ndipo ikaona kuti mfumu iri kupotoka imaiuza pambali kuti, "Apa tibwerere." Mwambo wa Angerezi umene tinaulandira uli pafupi ndi zimenezi. Cipani cimene capambana masankho cimapereka mtsogoleri wace kukhala Prime Minister, ndiye kuti Nduna Yaikuru, ndipo iye amasankha anzace pakati pa aphungu a m'Nyumba ya Malamulo. Gulu limenelo ndilo Kabineti. Amakangana m'cipinda citseko ciri cotseka, koma akaturuka amalankhula mau amodzi. Amene sangathe kuvomera cimene anzace apangana amatula pansi udindo. Ndipo Nduna Yaikuruyo imakhala pa mpando pokhapokha aphungu akali kuikhulupirira. Akaikana, yagwa. Gwiritsani mau amenewa, pakuti tidzabwererako.

Cipani cathu cinalowa m'Boma la Northern Rhodesia mu December 1962. Masankho a caka cimeneco anacitika pa malamulo okhotakhota, amene anagawa mipando patatu, 15 ndi 15 ndi 15, kuti voti ya munthu wakuda isalemere. Cipani ca Welensky, U.F.P., cinapeza mipando 16, ife 14, ndi Congress ya a Harry Nkumbula 7. Mfungulo inali m'thumba la a Nkumbula, ndipo atalingalira anasankha kugwirizana nafe. Motero a Kaunda anakhala nduna ya Maboma Ang'ono ndi Zosamalira Anthu, a Simon Kapwepwe ya Ulimi wa anthu akuda, a Nkumbula ya Maphunziro a anthu akuda, ndipo mwana wa kuno kwathu, a Reuben Kamanga, anatenga za Anchito ndi Migodi. Koma Nduna Yaikuru kunalibe. Wokhala ku mutu kwa gome anali Bwanamkubwa, Sir Evelyn Hone, ndipo thumba la cuma linali likhalire m'manja mwa Mzungu wa Boma.

AMUNA 13 A JANUARY 1964

Citaganya cinafa pa 31 December 1963, ndipo patapita masabata atatu tinavota, munthu mmodzi voti imodzi. Pa mipando 65 ya anthu onse tinatenga 55, Congress 10. Mipando ina 10 inali yosungira Azungu. A Kenneth Kaunda, ali ndi zaka 39, analumbira kukhala Nduna Yaikuru yoyamba ya dziko lino, nasankha nduna 13. Tiwerenge maina ao, pakuti ana a sukulu masiku ano sawadziwa.

A Kapwepwe anatenga za M'kati mwa Dziko. A Arthur Wina anatenga Cuma, ndipo mng'ono wao a Sikota Wina za Zipatala. A Mainza Chona, munthu wakuda woyamba wa dziko lino kutsiriza maphunziro a uloya ku London, anatenga za Malamulo. A John Mwanakatwe, mphunzitsi wamkuru, anatenga Maphunziro. A Elijah Mudenda, amene anaphunzira za mbeu ku Cambridge, anatenga Ulimi. A Justin Chimba, munthu wa mabungwe a anchito ku Migodi, anatenga za Anchito ndi Migodi. A Nalumino Mundia anatenga Maboma Ang'ono, a Munukayumbwa Sipalo za Cilengedwe, a Solomon Kalulu za Malo ndi Zomangamanga. Ndipo a kuno kum'mawa anali atatu: a Kamanga pa Mtengatenga ndi Mtokoma, a Alexander Grey Zulu pa Malonda ndi Mafakitale, ndi a Dingiswayo Banda pa Nyumba ndi Citukuko ca Anthu.

Tsono onani m'mene a Kaunda anayalira mipandoyo. Sikunali kuponya maere ai. A ku Bulozi anai, a kum'mawa atatu, a kumpoto atatu, a kumwera awiri, ndi mmodzi wa pafupi ndi Lusaka. Anali kuyesa ngati mai wogawa ndiwo pa ana ambiri, kuti pasakhale wonena kuti m'mbale mwace mwagwa msuzi wokha. Anali kuyesanso pena: amuna a ndende ndi amuna a sukulu. A Kamanga, a Kapwepwe ndi a Sipalo anatsekeredwa kumidzi yakutali mu 1959 pamene Bwanamkubwa analetsa Zambia Congress, ndipo anthu anali kuwadziwa m'nthambi zonse. A Mudenda ndi a Mwanakatwe anali ndi mapepala a maphunziro, pa nthawi imene dziko lonse linali ndi anthu akuda monga 100 cabe otsiriza ku yunivesite. Boma linafuna mitundu yonse iwiri, ndipo pa gome limodzi sanali kumvana masiku onse.

Cimodzi tinene mwamanyazi, amai: mkazi munalibe ndi mmodzi yemwe. Amai monga Julia Chikamoneka anaima pamaso pa nduna ya ku Britain pa bwalo la ndege ku Lusaka mu 1960, koma pogawa mipando anaiwalika. Mkazi woyamba kukhala nduna yathunthu, Dr. Mutumba Mainga Bull, anadikira kufikira 1973.

Kabineti imeneyo inakhala miyezi 9 yokha, koma inasenza katundu wolemera. Mu May anapita ku London kukapangana za ufulu, ndipo pa 18 May anasaina pangano la Barotseland. Mu July ndi August mwazi unakhetsedwa ku Chinsali ndi ku Lundazi pa nkhondo ya a Lumpa a Alice Lenshina, ndipo anthu oposa 700 anafa. Nkhani imeneyo ndi cironda, ndipo cipani cathu sicinaturukemo ndi manja oyera. Kenaka panali mlandu wa British South Africa Company, kampani ya Cecil Rhodes, imene inali kudya msonkho pa mkuwa wonse woturuka m'nthaka yathu. Apa a Arthur Wina anaima nji, ndipo patatsala maola ocepa kuti mbendera ikwere Kampaniyo inasiya zonse polandira mapaundi 4 miliyoni, theka locokera kwa ife, theka kwa Britain. Inu amene munagwirako nchito ku Migodi mudziwa kuti tsiku limenelo silinali laling'ono.

Pa 24 October 1964 mipando inasinthidwa koyamba. Tanganyika, Kenya ndi Malawi analowa mu ufulu ali ndi Nduna Yaikuru pansi pa Mfumukazi ya ku England. Ife tinalowa tiri Republic, a Kaunda nakhala President, ndipo mpando wa Nduna Yaikuru unapindidwa nusungidwa. A Kamanga anakwera kukhala waciwiri kwa President. A Kapwepwe anapita ku za Maiko Akunja, a Chona analowa m'malo mwao ku za M'kati, a Grey Zulu anatenga Mtengatenga ndi Zomangamanga. Analowanso atsopano: a Peter Matoka a ku Mwinilunga, kuti cigawo ca kumpoto cakumadzulo cisakhale panja, ndi Mzungu wa ku Ireland, a James Skinner, amene anali loya wa cipani m'masiku a mabvuto. Kuno kwathu kunali cimwemwe. Wathu analipo, ndipo anali pa mpando waciwiri.

ZIMENE ZINACITIKA KU ZOMBA

Tsono tioloke malire pang'ono, tipite kwa abale athu a ku Malawi, amene timagwada nao pamodzi pa Kulamba. Pamene ife tinali kusoka mbendera, kwao Kabineti inali kusweka. Dr. Hastings Kamuzu Banda anakhala Nduna Yaikuru pa 1 February 1963, ndipo ufulu unafika pa 6 July 1964. Pakati pa nduna zace panali a Henry Chipembere ndi a Kanyama Chiume, amene anamuitana okha kuti abwerere kwao mu 1958, ndi a Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 iye ali m'ndende ku Gwelo, nampatsa utsogoleri ataturuka. Koma Dr. Banda anali kuwachula pa misonkhano kuti anyamata ace, ndipo maunduna angapo anawasunga m'manja mwace.

Cimene anakanganira sicinali ca akuru okha ai. Mverani, inu anchito. Boma linaika lamulo lakuti wodwala ali yense alipire tiki pa cipatala, ndipo tiki kwa mai wa kumudzi sinali ndalama yotola pansi. Boma linalandiranso lipoti la Mzungu wina, nayenso dzina lace Skinner, limene linatsitsa mtima wa makalaliki akuda pa za malipiro, pamene mipando ya pamwamba inali ikhalire ndi Azungu. Nduna zinakananso ubwenzi ndi Apwitikizi, amene anali kupondereza abale athu ku Tete kuno, ndipo zinafuna kuti Malawi alandire cithandizo ca China, cimene Dr. Banda sanacifune.

Woyamba kucoka anali Mzungu, a Colin Cameron, kuciyambi kwa August, pokana lamulo lomanga anthu popanda kuwazenga mlandu. Pa 26 August nduna zotsala zinanena madandaulo ao pamaso pa Dr. Banda m'cipinda ca Kabineti, ndipo pambuyo pace zinawalemba pa pepala ku Kuchawe, pa phiri la Zomba. Ndiyo nchito ya nduna ija tanena, yakuti "apa tibwerere". Yankho linabwera pa 7 September: a Chiume, a Chirwa ndi a Augustine Bwanausi anacotsedwa, pamodzi ndi Mai Rose Chibambo, amene anali nduna yaing'ono. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a John Msonthi anatula pansi udindo pomvera anzao cisoni, ngakhale a Msonthi anabwerera msanga. A Chipembere anali ku Canada. Atafika anatula pansi naonso. Pa 8 ndi 9 September Nyumba ya Malamulo inakhala, ndipo aphungu anavomera kuti akhulupirira Dr. Banda. Pa pepala mwambo unatsatidwa bwino lomwe. Koma kutha kwa mweziwo makalaliki a m'Zomba, amene anali kumbali ya nduna zocotsedwa, anali kumenyana m'miseu ndi anyamata a cipani.

Sitinena kuti nduna zija zinali angelo. A Chipembere anatenga mfuti mu February 1965, nalanda Fort Johnston usiku umodzi, nalephera pa combo ca pa Liwonde. Anthu a kwao ndiwo analipira, ndipo iwo anakafera ku America mu 1975. A Chisiza analowa ndi mfuti mu 1967 naphedwa. Ena anathawira ku Tanzania, ena kuno ku Zambia, ndipo mmodzi wa iwo anali Mai Chibambo, amene nkhope yao inadzaikidwa pa ndalama ya pepala ya K200 ya ku Malawi. A Orton Chirwa ndi akazi ao anagwidwa pa 24 December 1981; Mai Vera Chirwa anati anawagwirira kuno mbali ya Chipata, Boma la Malawi linati ku Mchinji. A Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Ndipo m'Kabineti ya ku Malawi munakhala cete. Pamene nduna zina zinayesanso kutsegula pakamwa, mu May 1983, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala anapezeka akufa ku Mwanza pamodzi ndi phungu David Chiwanga.

IFENSO TINALI NDI ZATHU

Asaseke munthu muno. Akuru anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Mu 1966 a Mundia anacotsedwa pa unduna pa mlandu wakuti anali ndi gawo m'makampani amene anali kufuna cithandizo ca Boma. A ku Bulozi sanafunse ngati mlanduwo unali woona; anawerenga mipando yao napeza kuti yacepa. A Mundia anakatsogolera United Party, imene inaletsedwa mu 1968, iwo natsekeredwa.

Koma bala lalikuru linabwera mu August 1967 ku Mulungushi, pamene mipando ya akuru a cipani inapikisanidwa ndi mavoti. Nthumwi za kumpoto zinagwirana manja ndi za kumwera, ndipo ife a kum'mawa tinagwirana ndi a ku Bulozi. Panalibe wofunsa kuti uyu wacita ciani pa unduna wace. Tinali kufunsa za cinenero cace. A Kapwepwe anagonjetsa a Kamanga, a Mudenda anagonjetsa a Arthur Wina, ndipo Kabineti inatsatira: a Kapwepwe anakhala waciwiri kwa President, a Kamanga anatsikira ku za Maiko Akunja, a Mudenda anatenga Cuma. Kuno kunali ngati maliro. M'makomboni a ku Lusaka ndi ku Migodi ana a kum'mawa anayamba kunong'onezana za Umodzi Kum'mawa, ndipo anzathu anabwezera potiuza kuti ndife a ku Malawi, tibwerere kwathu. Munthu amene unali kugawana naye nsima pa shifiti anasanduka Mbemba, iwe nusanduka Mnyanja. Mu February 1968, pa msonkhano wa ku Chilenje, a Kaunda atamva nthumwi ziri kutukwanizana mwa mitundu anaimirira nanena kuti atula pansi udindo, naturuka. Anawapembedza usiku wonse, nabwerera m'mawa mwace. Pa masankho a December caka comweco a Arthur Wina ndi a Sipalo anagwa kwao ku Bulozi, ndipo a Mundia anapambana akali otsekeredwa.

Amene anapambana ku Mulungushi sanakhalitsenso. Mu 1970 a Chona anatenga mpando wa a Kapwepwe. Mu August 1971 a Kapwepwe, mnzao wa a Kaunda wa paubwana ku Chinsali, anaturuka m'Boma nayambitsa U.P.P., ndipo a Chimba anali nao. Mu February 1972 cipanico cinaletsedwa, a Kapwepwe ndi anzao oposa 100 namangidwa popanda mlandu. Ena a ife kuno tinaomba m'manja tsiku limenelo, cifukwa tinati cabwezedwa ca ku Mulungushi. Sitinaone kuti lamulo limene tiri kuombera m'manja ndi lomwe lija a Cameron anacokera ku Zomba. Pa 13 December 1972 dziko linakhala la cipani cimodzi.

NDUNA YAIKURU YOPANDA NDUNA ZACE

Mpando uja tinaupinda mu 1964 unafunyululidwa pa 25 August 1973, a Mainza Chona nakhalapo. Koma unali mpando wina. Bungwe limene a Chona omwewo anatsogolera mu 1972 linapempha kuti mphamvu zigawidwe pakati pa President ndi Nduna Yaikuru, ndipo zambiri za pempholo Boma linazikana. Cotero Nduna Yaikuru inakhala yacitatu: pamwamba President, pambuyo pace Mlembi Wamkuru wa Cipani, kenaka iyo. Inali kutsogolera nchito za Boma m'Nyumba ya Malamulo, koma nduna anali kusankha ndi President, kucotsanso ndi President, ndipo pamwamba pa Kabineti yonse panali Central Committee ya cipani. Woikana sanali aphungu monga mwa mwambo uja tinayamba nao. Anali munthu mmodzi ku State House.

Werengani nafe. A Chona 1973 kufikira 1975. A Mudenda 1975 kufikira 1977. A Chona kaciwiri, kufikira 1978. A Daniel Lisulo kufikira February 1981. Ndipo wotsatira ndani? A Nalumino Mundia, omwe aja anacotsedwa mu 1966 natsekeredwa mu 1968. Anabwerera m'cipani, nakhala Nduna Yaikuru zaka zinai, kufikira April 1985, kuposa wina ali yense pa ulendo umodzi. Atacoka iwo analowa a Kebby Musokotwane kufikira March 1989, ndipo otsiriza anali a Malimba Masheke, msilikari. Amuna 6 pa zaka 18, atatu a kumwera, atatu a ku Bulozi. Wa kum'mawa sanakhalepo. Koma tisadandaule, pakuti a Grey Zulu anali Mlembi Wamkuru wa Cipani kuyambira 1973 kufikira 1978, ndiponso kuyambira 1985 kufikira 1991, ndiye kuti pamwamba pa Nduna Yaikuru, ndipo a Kamanga anali mu Central Committee. Mbale ya ndiwo ija inali kugawidwabe mosamala.

Pansi pao nduna zinali kuzungulira ngati ng'ombe pa cigayo. President akaitana atolankhani ku State House, maofesi onse a m'Lusaka anali kuima, anthu ali pa wailesi, ndipo zinali kucitika kuti nduna imve pomwepo, pamodzi ndi mesenjala wace, kuti nchito yatha. A Kaunda anali ndi cifukwa cao: anaona ca ku Mulungushi, ndipo sanafune kuti munthu amere mizu pa unduna umodzi ndi kuusandutsa mudzi wa mtundu wace. Pa cimeneci anapambana, pakuti dziko lino silinaone nkhondo ya mitundu, ndipo masukulu, zipatala ndi mlatho wa pa Luangwa wa 1968 sizinafunse cinenero ca munthu. Koma mtengo wace tinalipira ndife anchito. Nduna ikabwera pa Boma nilonjeza madzi m'komboni, isanathe kuwerenga mafaelo yasamutsidwa, yatsopano ifika niti, "Nkhani imeneyi ndiri kuimva lero." Ndipo nduna yodziwa kuti ingagwe mawa pa wailesi siyesa kunena kuti "apa tibwerere".

Mudziwa kumene zinathera. Mu December 1986, a Musokotwane ali pa mpando, mtengo wa unga wa breakfast unakwera kuposa kawiri, ndipo ku Migodi anthu anafa m'cipolowe. Mu June 1990, a Masheke ali pa mpando, unga unakweranso, ndipo anthu anafa m'Lusaka. Nduna Yaikuru inasinthidwa pakati pa zipolowe ziwirizo, koma m'poto wa wanchito simunasinthe kanthu, pakuti mau otsiriza sanali pa mpando umenewo. Pa 31 August 1991 mpandowo unathetsedwa, ndipo pa 31 October M.M.D. inatenga mipando 125 pa 150. Pa 25 imene inatitsalira, 19 inali ya cigawo cino conse, ndipo inu a Katete tikuthokozani kufikira lero. Koma taonani amene anatigonjetsa: pakati pao panali a Arthur Wina, a Sikota Wina, ndi a Humphrey Mulemba, amene anali Mlembi Wamkuru wa Cipani cathu kuyambira 1981 kufikira 1985. Anali nduna zathu zomwe, zimene zinasowa ponenera m'kati.

Kuyambira 1991 dziko lino lakhala lopanda Nduna Yaikuru. President amasankha nduna pakati pa aphungu, ndipo kuyambira 2016 waciwiri wace amasankhidwa naye pamodzi pa voti, cotero sangacotsedwe ndi mau a pa wailesi monga kale. Koma funso lija la pa mpanda silinafe. Tinali ndi a Rupiah Banda ku State House kuyambira 2008 kufikira 2011, ndi a Edgar Lungu, a makolo a ku Petauke, kuyambira 2015 kufikira 2021. Wathu analipo, pa mpando woyamba weniweni. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, pa nthawi ya a Michael Sata, munthu wa ku Mpika. Za miseu yanu, za mtengo wa thonje ndi za tsiku limene feteleza amafika, inu eni ace mutiuze.

Tsono cimene tipempha nthambi ndi ici, ndipo alembi alembe. Nthambi iri yonse igule buku la sukulu, la mtengo wocepa. Nduna ikafika m'dera lanu, ya cipani ciri conse ndi ya mtundu uli wonse, lembani tsiku, dzina lace, unduna wace, ndi cimene yalonjeza ndi pakamwa pace, ndipo anthu awiri amene anamva asaine pansi. Mukamva kuti yasamutsidwa, musatseke bukulo. Lonjezo ndi la unduna, si la munthu. Tengani bukulo mupite nalo kwa phungu wanu, mumpemphe akafunse nduna yatsopano m'Nyumba ya Malamulo, pakuti yankho la m'menemo limalembedwa ndipo silifafanizika. Mabukuwo mubwere nao pa msonkhano wa cigawo, tidzawerenge pamaso pa anthu.

A ku Vubwi, galimoto yanu inyamuka dzuwa lisanapendeke, cotero mafunso anu ndiwo ayambe. Pambuyo pao amai a pa msika. A Ceyamani, tabweza mau kwa inu.

Kwaca!